Akufuna Kupuma Okha

Chikhazikitsireni lamulo loti odwala azichirira kwawo, makina opumira a bambo Kachingwe amakhala pomwe pankakhala wailesi. Namwino anawatchera kuti azipopa mpweya kakhumi ndi kanayi pa mphindi, ndipo mkazi wawo, Nagama, ankawerenga nawo poopa kuti angaphonye.

Lachitatu m'mawa makinawo analankhula: "Wodwala akufuna kupuma yekha. Dinani batani lobiriwira."

"Okha?" anatero Nagama. "Zaka makumi atatu ndikuwaphikira, lero ndawatopetsa?"

Elube, mlongo wa wodwalayo, anagwira pakamwa. "Ayi alamu, akunena kupuma kuja kosadzukanso. Musadine!"

Anakangana mpaka phala linazizira. Kenaka Nagama anadina mwaukali. "Apume, ine ndituluke."

Kupopa kuja kunaleka. Elube anayamba kulira. Koma chifuwa cha a Kachingwe chinakwera chokha, mochedwa, makinawo n'kungothandizira pambuyo. Chinatsika, chinakweranso.

Nagama atati anyamuke, china chake chinamukoka. Zala za amuna ake zinali zitagwira nsonga ya chitenje chake.

"Nanga si mwati nokha, inu?" anatero, nakhalanso pansi.