Kampira ka Bambo

"Foni ikuti tafika," ndinatero. Tinali titayenda kuyambira m'mawa, kudutsa minda ndi timilatho, kusaka kabokosi kamene anzathu a masewera obisirana zinthu anabisa n'kuika malo ake pamapu a pafoni.

Bambo anagwada pamizu ya mtengo n'kupisa dzanja m'mphako. Linali lamanja, lija linafooka ndi sitiroko.

Kabokosi kanatuluka kali matope okhaokha. Ndinafuna kuwatsegulira.

"Tandisiya, iwe."

Zala zawo zinaterereka, koma chivindikiro chinatseguka. M'katimo munali batani, ndolo imodzi ndi wezulo wapulasitiki. Bambo anasankha wezulo.

"Lamulo lake mukulidziwa," ndinawakumbutsa. "Ukatenga kanthu, usiyepo kako."

Anatulutsa m'thumba kampira kofiira kamene anawapatsa kuchipatala kuti azifinya. Kampira kameneka ankagona nako, kudya nako. Anakaika m'kabokosi.

"Bambo, nanga dzanjalo?"

"Watsegula ndani apa?"

Anatseka okha n'kubwezera kabokosi m'mphako. Kenako analiza wezulo mpaka mbuzi za kutsidya zinadzutsa mitu.

"Kotsatira kali kuti?" anafunsa.

"Kuseri kwa phiri lija. N'kutali, bambo."

"Nanga waimiranji?"