Khwawa Louma la pa Tumbine

Panali bambo wina ku Milange dzina lake Florentino, mkulu wa mpingo, munthu woti akanena wanena. Mkazi wake Cacilda ankavutika ndi mwendo, moti ankayendera ndodo. Mu Januwale bamboyu anatenga anthu a mpingo kupita nawo kuphiri la Tumbine, kuti akagone komweko akupempherera mayiyo.

Polowa m'nkhalango anakumana ndi fisikali woyang'anira malowo, dzina lake Gelson.

"Bambo, kukwera kwerani," anatero Gelson, "koma nyengo ya mvula ino lamulo sililola kugona m'khwawa. Mukamange pamtunda. Ikagwa pamwamba, madzi amatsika mwadzidzidzi ngakhale kumunsi kuli dzuwa."

Florentino anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

"Iwe unabadwa liti? Nthawi ya nkhondo, tisanathawire ku Malawi, tinkagona m'makwawa momwemu. Amene ankagona pamtunda ndi amene anaphedwa. Khwawa linandisunga ine, lero undiphunzitse ndiwe?"

"Pepani bambo, madzi si asilikali oti mungawabisalire."

Cacilda anakoka malaya a mwamuna wake. "Bambo a Neide, tamverani. Ine ndi mwendo uwu sindingathamange."

"Ndiye chikhulupiriro chako chimenecho? Kuno tabwerera iwe yemwe!"

Mayi wa anthu anangotsatira ndi ndodo yake. Akanatani pamaso pa mpingo wonse?

Anapeza khwawa louma bwinobwino, la mchenga wosalala, mbali zonse miyala yaitali. Anakunga lona pomwepo, n'kumugoneka Cacilda pamphasa pakati penipeni.

Mawa lake masana, pemphero lili mkati, pamwamba pa phiri panada bii. Pamene iwo anali dzuwa linali phwee. Mayi wina wa mumpingomo, Rosalina, anaona timadzi tofiira tikukwawa pamchenga titasenza zinyalala.

"Akulu a mpingo, madzi! Tisamuke!"

"Satana ameneyo!" anakalipa Florentino. "Aliyense atseke maso, pemphero silinathe!"

Ndipo chopsetsa mtima n'chakuti anthu akuluakulu, a ndevu zawo ndi ana awo kunyumba, anatsekadi maso.

Kenako kunamveka chiphokoso ngati malole akutsika phiri. Aliyense anaona msana wa njira. Florentino, katswiri wa makwawa uja, anali woyamba kukwera. Anakumbukira kuti ali ndi mkazi atafika kale pamwamba pa thanthwe. Potembenuka anamuona atagwada, akupapasa ndodo yake pamchenga.

"Bambo a Neide!"

Anaitana kamodzi kokha. Madzi anafika ndi mitengo ndi miyala, n'kusesa lona, mphasa ndi munthu yemwe.

Anafufuza mpaka kuminda ya kumunsi, osamupeza. Achibale a Cacilda atabwera kuchokera ku Mongue, anachita monga mwa mwambo mtembo ukasowa: anadula thunthu la nthochi, n'kulikulunga m'kapulana, chitenje cha malemuyo, kuti aike m'manda.

Florentino manyazi analibe. Anaimirira pasiwa, Baibulo kumanja, akuti atonthoze anamfedwa. Mchimwene wa malemu, Lourenço, anamugwira dzanja.

"Alamu, pakamwa panupo mutseke. Tinakupatsani munthu, inu mwatibwezera nthochi. Palibe wa kwathu amene agwire chimenechi. Senzani nokha mukaike."

Analisenzadi paphewa, kuchoka panyumba mpaka kumanda, mudzi wonse ukumutsatira pambuyo popanda woyambitsa nyimbo.

Phunziro: Amati samva za anzake anamva nkhwangwa ili m'mutu, koma apa nkhwangwayo inagwera wosalakwa. Mukapita kuphiri, kaya kokapemphera kaya kokayenda, mverani oyang'anira nkhalango. Musagone m'khwawa nyengo ya mvula ngakhale liume chotani, ndipo mukaona madzi ofiira thawirani pamtunda pomwepo, muyambe mwanyamula wofooka. Mtsogoleri akakuuzani kuti mutseke maso pangozi, inu tsegulani. Tumizirani ena nkhaniyi, makamaka aja amati anaona zambiri.