Mawu Oduladula a Malemu

Chibakera cha Mkokomo chinamupeza mlamu wake akadali chivalire mahedifoni, ndipo anagwa chagada pamodzi ndi mpando.

"Mlongo wanga mwamuduladula ngati nyama ya pabutchala," anatero Mkokomo, yemwe ankakonza ng'oma za nyimbo za mlongo wakeyo pakompyuta. "Tinapangana kuti mungosalaza mawu ake, osati zidakwa zizidumphira m'mabala."

Malemu mlongo wakeyo ndiye ankaimba, mwamuna wake, mlamu uja, n'kumasakaniza mawu ndi ng'omazo. Nyimbo yake yomaliza, yodekha, mwamunayo anaithamangitsa, nadulamo liwu limodzi kuti lizibwerezabwereza pamwamba pa ng'oma zogunda m'chifuwa.

"Alamu, mayi aja ankakonda kuvina," anayankha mwamunayo akulavula magazi. "Takhalani pansi ndikuuzeni."

Mkokomo analibe makutu. Anazula chitsulo choimikapo maikolofoni, nachitsitsa pakompyuta. Galasi linamwazika. Anamenyanso, namenyanso, mpaka bokosi losunga nyimbo linang'ambika pakati, zam'kati zili mbwee pansi. Atatopa anaima ali wefuwefu, mtima utatsika ndithu.

"Kavinitseni anthu tsopano," anatero Mkokomo.

Mlamuyo anakwawa, natola kachitsulo kopindika, nakayang'anitsitsa nthawi yaitali.

"Yovinayo inafika kale m'mafoni a anthu, simungaiphe," anatero motsitsa mawu. "Koma ija anaimba yekha, yathunthu, yomveka ndi kapumidwe kake komwe, inali muno mokha. Ndimati ndikukopereni lero."

Kunja kunadutsa galimoto mawindo ali pululu, nyimbo yovina ija ikugunda. Mlongo wa Mkokomo anali m'menemo, akubwereza liwu limodzi mothamanga, mpaka anazimiririka pakona.