Injini Yaikulu ya Telala

Kirankishafti yachitatu inali pa thebulo la makanika, ndipo Telala ankaiyang'ana ngati nsalu imene kasitomala wagula yoperewera.

"Iyi ndiye yabwino," anatero makanika, akupukuta manja pa ovolosi. "Vuto ndi kandodo ka pisitoni. Katalika. Tikamanga chonchi, pisitoni ikagunda denga la injini."

"Si dzulo lomweli munakana kafupi?"

"Kaja bowo lake linali laling'ono. Chitsulo si buluku, achimwene, sitipinda mpendero."

Makina osokera a Telala anali ataphimbidwa sabata yonse, makasitomala akubwerera pakhomo, mwini wake ali pa benchi lothimbirira ndi oyilo, kuloweza mayina a zitsulo. Kirankishafti, chitsulo chokhota chimene pisitoni imakankha kuti njinga iyende, anali atayamba kuilota kutulo.

Zonsezi chinayambitsa ndi chitunda cha kutchalitchi. Lamlungu lina njinga yake yamoto inatsokomola pakati pa chitundacho n'kuzima. Mkazi wake anatsika n'kukwera wapansi, atavala diresi limene Telala mwini anamusokera, anthu ali maso yuu. Wabutchala wa mu msewu wawo anawadutsa pa chinjinga chake chofiira, n'kuliza hutala. Akuti moni. Moni wanji woteroyo?

Kuyambira pamenepo mkaziyo sanakwerenso. "Tsogolani, ndikupezani." Kumsika, wapansi. Kutchalitchi, wapansi. Masiku ena ankatchena m'mawa n'kutuluka osanena kumene akupita, pobwera n'kumamwetulira yekha. Banja lawo linali la anthu awiri okha, ndipo chokoma chake chinali maulendo a pa njingayo, manja a mkazi atamuzinga m'chiuno. Tsopano manjawo anali atachoka. Telala sanali mwana. Ankadziwa kuti mkazi akachita manyazi ndi njinga lero, mawa achita manyazi ndi mwini njinga. Zinkamupweteka, ndipo kunena zoona ankachita mantha.

N'chifukwa chake anaikankhira njingayo kuno ku galaja. "Ikuzeni injiniyi," anatero tsiku loyamba. "Wabutchala azingondiona msana."

Koma kukuza injini si kuwonjezera nsalu m'mbali. Ukasintha ichi, icho chakwiya. Kirankishafti yoyamba inakhula m'chibaba chake. Yachiwiri inali yopindika, makanika ataizunguza inavina ngati woledzera. Lero ndi kandodo.

Makanika anakhuthula bokosi la zitsulo zakale pansi, nayamba kupalasa ngati nkhuku. Anatola kandodo kena, anakayeza, anakaponya. Anatola kena, anakayeza kawiri.

"Aka kalowa. Koma mabeyaring'i awa, mozunguliramo kirankishafti, ndi a injini yaing'ono, sapirira."

"Sinthani."

"Komanso ndikuuziretu, ikakula chonchi idzanjenjemera. Mano azidzagundana."

"Agundane! Kodi ndakuuzani kuti ndikufuna mpando wa pabalaza? Mangani!"

Dzuwa litapendeka, injini inali itabwerera m'malo mwake. Makanika anaponda kamodzi, kawiri, ndipo inabangula. Masipanala anayamba kuyenda okha pa thebulo. Galu amene ankagona pansi pa benchi anathawa osacheuka. Telala anaseka koyamba sabata imeneyo, naimbira foni mkazi wake kuti abwere ku galaja msangamsanga.

Msangamsanga wake unali wautali. Anatulukira wapansi, ambulera ili m'manja, akuyenda ngati msewu ndi wake. Anaima patali, pafupi ndi mulu wa matayala.

"Mwaimva, mayi?" Telala anakuwa atakwera njingayo, akupotokola chogwirira kuti injini ilire kwambiri. "Kwerani! Chitunda chija lero chitipepesa."

Mkaziyo anayang'ana njingayo ikututuma, anayang'ana mwamuna wake, n'kupukusa mutu.

"Sindikwera, bambo."

Apa mtima wa Telala unaphulika. Sabata yathunthu ya oyilo ndi manyazi, malipiro ake n'kukhala amenewa?

"Ndiye mukufuna chiyani? Yofiira ija? Nenani pompano, amakanika akhale mboni! Ngati mwatopa nane, musanamizire njinga!"

Makanika anapeza mwadzidzidzi choti afunefune kuseri kwa galaja. Mkaziyo anapinda ambulera yake bwinobwino, anasendera pafupi, natsitsa mawu.

"Inu bambo, tazimitsani chigayo chanucho. Ndili ndi pakati. Anamwino anandiletsa kugwedezeka kulikonse, ndipo ndimadikira kuti miyezi yoopsa idutse, ndisakusangalatseni pachabe ngati kale lija."

Telala anazimitsa injini, natsika, n'kuikankhira njingayo kutali ndi mkazi wake.