Lole Idikire Kaye

Bambo ake a Idesi anaima m'mphepete mwa mthunzi wa mtengo umene Sitandade 8 inkaphunzirira, chipewa chili m'manja. Utenanti wawo pa esiteti ya fodya ku Mitundu unali utatha, ndipo lole yopita ku Nathenje inkawadikira kumsewu.

"Pepani aphunzitsi, ndadzatenga mwana. Tikusamuka."

Mayi Kachingwe, amene analembedwa ntchito chaka chimene sukulu inakhala yaulere, anayang'ana bolodi loyedzamira pamtengo. Panali 5, 8, 11, 14. Sabata yonse Idesi ankalimbana ndi masamu amenewa, osagonja.

"Bambo, ndibwerekeni mwanayu pang'ono pokha."

Anampatsa choko. "Manambalawa akukwera bwanji, Idesi?"

"Akuwonjezeka ndi 3, madamu."

"Lemba 3n. Paja n ndi malo a nambala pamndandanda. Ukaika 1, ukupeza chiyani?"

"Ndikupeza 3, koma pakufunika 5."

Hutala inalira kumsewu. Idesi sanacheuke. Analuma mlomo, nayesa ndi 2, nayesanso ndi 3, kenako analemba pang'onopang'ono: y = 3n + 2.

"Nanga nambala ya pamalo a 100?"

"Ndi 302," anayankha osawerenga zala.

Bambo aja anasendera pafupi. "Wakhoza?"

"Wakhoza. Kumene mukupitako asakakhale pakhomo. Mayeso ayandikira."

Bambo aja anayang'ana bolodi nthawi yaitali, kenako anavala chipewa chawo.

"Mulembereni kalata yosamukira sukulu, aphunzitsi. Ine ndikauze adalaivala adikire."