Mkwati Wodukira Pamphuno

Pofika naini koloko anali atachapa matewera, atakolopa, ataperekeza mwana wamkulu kusukulu, atakangana ndi wogulitsa makala, ndiponso atasesa magalasi a felemu yomwe wamng'ono anagwetsa pakhoma. Inatsala ntchito imodzi yokha: kupezera mng'ono wake wojambula zithunzi za ukwati.

Ntchitoyi anam'patsa iyeyo chifukwa kwawo amamutcha Polisi. Sukulu analekezera panjira, koma mafunso ake amatuluka nawo thukuta ngakhale wogulitsa tomato. Palibe amene anamugwirapo m'maso. Amatero yekha, kawirikawiri osafunsidwa.

Bala analinso nalo. Pa ukwati wake, zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, wojambula anam'peza ndi apongozi. Kanali kamnyamata kowonda komwe iye sanakayang'ane n'komwe, pakuti tsikulo nzeru zake zonse zinali pa nsapato zothina ndi mimba ya miyezi isanu ndi iwiri. Zithunzi zambiri akuti zinapsa. Chinapulumuka chimodzi, cha mufelemu muja: iye atatsinzina ngati akupempherera mvula, bambo a ana mutu utadukira pamphuno.

Anachiponya m'chikwama, katoni ya kumbuyo kwa felemu itamatirirabe, n'kubereka mwana. Chithunzicho chikakhala mayeso. Wochiyamikira, walephera.

Wojambula woyamba anati, "Chabwinobwinotu ichi, mayi, tingochiwalitsa pakompyuta." Polisi anatuluka osatsanzika. Wachiwiri anafuna kumuonetsa alubamu. Polisi alubamu sakhulupirira, chifukwa naye alendo akamabwera amabisa makapu ong'aluka.

Wachitatu anali m'kachipinda ka pamwamba pa matelala, masitepe ake achitsulo. Bambo wa mimba, ndevu zili pepeya, makamera awiri pathebulo. Anavala magalasi, n'kuyang'ana chithunzicho nthawi yaitali.

"Mayi," anatero motsitsa mawu, "anakulakwirani."

Polisi anamasula mwana n'kukhala pansi. Mwanayo anatenga chithunzi chija n'kuyamba kutokosa katoni ija ndi kachala.

"Dzuwa linali kumbuyo kwanu," bamboyo anapitiriza. "Kamera yobwereka, batire likutha. Kumanzereku amalume ena akukalipira wojambulayo kuti afulumire, galimoto ikudikira. Iye anangodina kuti athawe."

Polisi anasuzumira. Pachithunzipo panalibe amalume, panalibe galimoto. Koma zinalidi choncho! Amalume a bambo a ana anakuwa tsiku lonse lija mpaka mawu kusasa. Munthu woona ngakhale zomwe sizinajambulidwe, ukatswiri winanso ungapose pamenepa?

"Ine ndikadzamuona ameneyo," anatero Polisi, "ndidzamudula pomwe anadulira amuna anga."

Bamboyo anatsokomola, n'kusisita ndevu. "Mukhululukireni, mayi. Anali mwana."

Wofatsanso! Polisi anamangitsa nkhope, anenerere mtengo. Anali atakonzeka kumenya nkhondo ya ola lathunthu, koma asanafike ndi pa mawu ake oopsa aja akuti "basi ndikupita kwina", bamboyo anali atatsitsa kale. Anawonjezanso felemu yaulere ya chithunzi chodukacho. Polisi anadzimva kukoma. Anthu amangoti sukulu, sukulu, chonsecho pofunika pakamwa.

Anamasula ndalama za mng'ono wake, zomwe mtsikanayo anasunga miyezi inayi poluka tsitsi la anthu, n'kupereka theka. Bamboyo analemba lisiti, pansi pake mawu aakulu akuti ndalama sizibwezedwa, n'kumenyapo chidindo: kambalame koduka phiko limodzi.

"Chidindochi n'chakalekale," anapepesa. "Ndinayamba nacho ntchito."

Ali pamasitepe, Polisi anaimbira foni mng'ono wake.

"Iwe, gona tulo. Ndapeza katswiri."

"Achemwali, mwafunsa bwinobwino? Ukwati saubwerezatu."

"Ukufunsa ndani? Ine ndine apongozi anga, otola wojambula pamsewu?"

Anadula foni n'kukhala pasitepe kuti alembe zomwe wagwiritsa ntchito, monga achitira nthawi zonse asanaiwale. Pepala analibe. Mwana anali atamaliza kumatula katoni ija, choncho anamulanda chithunzi, n'kuchitembenuza koyamba chichilandirireni, n'kuyamba kulemba.

Minibasi, 2,400. Foni, 500. Madzi a mwana, 600. Wojambula, theka, 90,000.

Bolopeni inaima. Pakona yapansi panali chidindo chofufuma: kambalame koduka phiko limodzi.

Polisi anayang'ana lisiti, anayang'ana chitseko cha pamwamba paja, chomwe tsopano chinali chotseka. Kenako analemba mzere womaliza: zonse pamodzi 93,500, sizibwezedwa.