Foni ya Malume Yalira Kuseri kwa Chitseko

Masiku ano chipata cha kumanda sichitsegulidwa ndi manja. Ukapempha kulowa, makina amatumiza okha pempholo ku foni ya mwinimbumba, iye n'kuvomera.

Ali kunyumba, Lonjezo anapempha kukalambula manda a malume ake, amene anamulera. Pompo foni ya malemuwo inalira m'jekete lawo kuseri kwa chitseko.

"Akuwafunsa ngati tingakawaone," anatero Lonjezo, akuseka mowawidwa mtima.

Mlongo wake Nasibeko anagwira pakamwa. "Usaikhudze, iwe! Akubanja sanasankhe wolowa m'malo mwawo."

"Achemwali, mpaka udzu uwakwirire?"

Lonjezo anapisa dzanja m'thumba lonunkhirabe fodya wawo, n'kugwada.

"Pepani malume," ananong'ona, n'kudina povomera.

Kenako ananyamula khasu. "Tiyeni, achemwali. Atilola."